Injini Yomwa Petulo Mopitirira Muyeso: Momwe Amakaniko Amapezera Gwero la Vutoli ku Kasisi

KASISI, Chongwe: Galimoto yotulutsa utsi wakuda, yonunkha petulo kumbuyo komanso yonjenjemera ikaima pamalo amodzi, nthawi zambiri imakhala ikulandira petulo wochuluka kuposa mpweya umene ikukoka. Vutoli limagwira ngakhale magalimoto amakono omwe petulo amapoperedwa ndi ma injekita motsogozedwa ndi kompyuta, monga omwe amafika m'dziko la Zambia kuchokera ku Japan atagwirapo kale ntchito.

Nkhaniyi inayamba kupweteka kwambiri m'thumba kuchokera mu Disembala 2021, pomwe boma linachotsa ndalama zothandizira kutsitsa mtengo wa mafuta. M'chaka cha 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengoyi mwezi uliwonse. Kwa mlimi wa ku Kasisi wonyamula tomato ndi repu kupita nazo ku msika wa Soweto mu Lusaka, petulo wothera mu utsi ndi phindu lomwe latayika asanagulitse kanthu.

Kuti petulo apse bwino, injini imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Kompyuta ya galimoto siona mpweya kapena petulo. Imadalira uthenga wochokera ku tizipangizo toyeza totchedwa masensa, ndipo ikanamizidwa ndi kamodzi mwa ito, imatsegula ma injekita nthawi yotalikirapo kuposa yofunika. Njira ina ndi yakuti petulo amalowa mu injini kompyutayo isanalamule, chifukwa cha kudontha kapena mphamvu yochuluka ya pampu. Ntchito ya makaniko ndi kusiyanitsa ziwirizi asanagule chipangizo chilichonse.

Poyamba amayang'ana mtundu wa utsi. Wakuda ndi wa petulo, wobiriwira ngati mtambo ndi wa oyilo, pomwe woyera wosaleka injini itatentha umasonyeza madzi olowa m'masilinda. Kenaka amamasula mapulagi. Akakhala onse ndi mwaye wouma wakuda, vuto likukhudza injini yonse. Pulagi imodzi yokha ikada, maso amapita pa injekita kapena moto wa silinda imeneyo.

Magalimoto ambiri opangidwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ali ndi soketi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, pomwe amalumikiza makina owerengera zolakwika. Dongosololi, lotchedwa OBD-II, linakhala lamulo ku America mu 1996. Nambala ya P0172 imatanthauza kuti petulo wachuluka, ndipo P0175 imanena zomwezo za mbali yachiwiri pa injini zokhala ndi mizere iwiri ya masilinda. Magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan salankhulana ndi makina otchipa ngakhale soketiyo ilipo, choncho kusaoneka kwa nambala sikutsimikiza kuti zonse zili bwino.

Nambalayi imangotchula chizindikiro. Chothandiza koposa ndi chiwerengero chotchedwa fuel trim, chomwe chimaonetsa kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa pofuna kukonza zinthu. Chikakhala pakati pa 10 peresenti yochotsa ndi 10 peresenti yowonjezera, injini ili bwino. Chikafika cha m'ma 20 peresenti yochotsa, ndiye kuti kompyuta ikuona petulo wochuluka ndipo ikulimbana naye. Koma utsi ukakhala wakuda pomwe chiwerengerocho chikuonetsa kuwonjezera, kompyuta ndiyo ikuthira dala petuloyo chifukwa yanamizidwa kuti mpweya wachuluka. Izi zimachitika payipi ya ekizozi ikang'ambika patsogolo pa sensa ya okosijeni, kapena silinda ina ikamaphonya moto n'kutulutsa mpweya wosapsa.

Ku Kasisi kuli chinthu china chimene buku lolembedwera dziko la m'mbali mwa nyanja silingakumbutse makaniko. Malowa, omwe ansembe a chipani cha Jesuit anakhazikitsapo mishoni mu 1905, ali pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, pamtunda wa mamita oposa 1,100 kuchokera pa nyanja yaikulu. Pamtunda wotero mpweya ndi wopepukirapo: mphamvu yake imakhala pafupifupi 88 kPa, pomwe ku Dar es Salaam kapena ku Durban, madoko omwe magalimoto ambiri amatsikira, imakhala cha m'ma 101 kPa. Magalimoto akale a kabureta ankafunika kusinthidwa akafika kumtunda kuno. Amakono amadzikonza okha, pokhapokha sensa yake ikunena zoona.

Apa ndi pomwe pali njira yosafuna ndalama. Pa injini zokhala ndi sensa ya MAP, monga 5A-FE ya m'ma Toyota Corolla akale, makaniko amatsegula kiyi osaliza injini n'kuwerenga chimene sensayo ikunena. Ku Kasisi iyenera kunena pafupifupi 88. Ikanena 100 kapena kuposerapo, ikuuza kompyuta za mpweya womwe kulibe, ndipo petulo adzathiridwa molingana ndi bodzalo. Injini ikalira n'kutentha, chiwerengerocho chimatsika kufika cha m'ma 30. Chikakana kutsika, kawirikawiri kapayipi ka labala kopita ku sensayo kamakhala katang'ambika ndi dzuwa ndi ukalamba, ndipo kompyuta imaganiza kuti galimoto ikukwera phiri pomwe yangoima.

Injini zina, monga 1NZ-FE ndi 1ZZ-FE, zimayeza mpweya ndi sensa ya MAF, yomwe ili ndi kawaya kotenthetsedwa pafupi ndi sefa ya mpweya. Fumbi la m'misewu ya kumafamu, makamaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, likadutsa pa sefa yobooka kapena yosakhala bwino limakanirira pa kawayako. Sensa yotere imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osaikhudza ndi nsalu kapena waya. Sefa yeniyeniyo imanamiziridwa zambiri. Kafukufuku wa Oak Ridge National Laboratory ku America mu 2009 anapeza kuti sefa yotsekeka imachepetsa mphamvu ya galimoto yamakono koma sisintha kwenikweni kamwedwe ka petulo, popeza kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweya wolowa.

Gwero lomwe liyenera kukayikiridwa msanga m'dera lino ndi kutentha kwa injini. Injini yozizira imafuna petulo wambiri, ndipo kompyuta imaupereka mwadala mpaka madzi atatentha. Pali chizolowezi m'magalaji ena chochotsa thermostat ponena kuti idapangidwira maiko a chisanu ndipo mu Afirika ilibe ntchito. Maganizo amenewa amadyetsa eni magalimoto ndalama zambiri. Kachipangizoka kamatsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka atafika pafupifupi madigiri 80, ndipo kakachotsedwa injini imachedwa kutentha, mwinanso osafika pa muyeso wake. M'mamawa a Juni ndi Julayi, pomwe kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, galimoto yotere ikhoza kuyenda mtunda wautali wa ulendo wa ku Lusaka kompyuta ikuithirabe petulo wa injini yongodzuka kumene. Ngati thermostat inachotsedwa chifukwa injini inkawira, vuto lenileni limakhala lili pa rediyeta yotsekeka, fani kapena pampu ya madzi, ndipo likadalipo.

Sensa yoyeza kutentha kwa madzi nayo ikhoza kunama. M'mawa injini isanalire, chiwerengero chake chiyenera kufanana ndi kutentha kwa panja. Pa mita yoyezera magetsi, sensa ya Toyota imaonetsa ma ohm pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Waya wake ukaduka, makina owerengera amaonetsa madigiri 40 pansi pa ziro, kuzizira komwe Chongwe sanakuonepo.

Masensa akapezeka abwino, amatembenukira ku petulo weniweniyo. Injini zambiri zamtunduwu zimagwira ntchito ndi mphamvu ya petulo ya pafupifupi 3 bar, yomwe imayezedwa ndi geji. Pa injini zakale, kachipangizo kolamulira mphamvuyi kali ndi kapayipi ka vakyumu. Kakazulidwa n'kupezeka konyowa ndi petulo, ndiye kuti labala wa mkati wang'ambika ndipo injini ikuyamwa petulo mwachindunji. Injekita yodontha imadziwika pamene geji itsika msanga injini itazimitsidwa, komanso galimoto ikamavuta kulira itangoima mphindi zochepa ili yotentha. Palinso valavu yotengera nthunzi ya m'thanki kupita ku injini, yomwe ikhoza kukanirira yotseguka. Chizolowezi chogwedeza galimoto pa filing'i siteshoni kuti thanki idzaze mpaka pakamwa chimanyowetsa makala osunga nthunziyo ndi kuwonjezera vutoli.

Sensa ya okosijeni, yomwe kampani ya Bosch inapanga ndipo inayamba kugwiritsidwa ntchito pa magalimoto a Volvo mu 1976, ndiyo imagulidwa kawirikawiri popanda chifukwa. Nthawi zambiri imakhala ikungonena zoona za petulo wochuluka. Yamtundu wakale ikatentha iyenera kusinthasintha mofulumira pakati pa mavoti 0.1 ndi 0.9. Ma Toyota ambiri atsopanoko ali ndi mtundu wina womwe pa makina umakhazikika pa mavoti 3.3, ndipo petulo akachuluka chiwerengerocho chimatsika m'malo mokwera. Makaniko wosadziwa kusiyanaku akhoza kutaya sensa yabwinobwino.

Kuchedwa kukonza kuli ndi mtengo wake. Petulo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a masilinda n'kutsikira m'munsi, kotero oyilo amachepa mphamvu ndipo maring'i amadyeka msanga. Wina amakapsera mu catalytic converter, yomwe imatentha mpaka kusungunuka mkati ndi kutseka njira ya utsi. Utsi wa injini yotere umakhalanso ndi mpweya wambiri wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo koma umapha munthu m'galaji yotseka, ndiye chifukwa chake kuyesa konseku kumachitikira panja kapena zitseko zili zotsegula.

Vuto likapezeka ndi kukonzedwa, oyilo wonunkha petulo amachotsedwa, mapulagi amatsukidwa kapena kusinthidwa, ndipo zomwe kompyuta inasunga zimafufutidwa. Galimoto imayendetsedwa mpaka itatentha bwino, pang'onopang'ono ngati m'misewu ya Kasisi komanso mothamanga pa Great East Road, kenaka fuel trim imawerengedwanso. Mwini wake akhoza kutsimikiza yekha podzaza thanki mpaka pampu itazima yokha, kulemba makilomita, n'kuwerengera malita omwe alowe pa ulendo wotsatira wodzaza.