Barbra Banda: Mwana wa M'komboni Amene Wagwedeza Maukonde a Maiko

Dzina la Chibolya likachulidwa kumudzi, kaya ndi ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, akulu-akulu amapukusa mitu. Mbiri imene inafika kumeneko ndi ya camba, ya akawalala, ndi ya apolisi amene m'caka ca 2014 analowa m'kombonimo mwa unyinji kukagwira ogulitsa fodya wamkuluyo. Mbiri imeneyi si yabodza ai. Koma munthu wocoka ku msika wa Soweto madzulo, nalowera ca ku Chibolya ndi ku Kanyama, amaonanso cina cimene sicimveka kumudzi. Pa kampata kalikonse kopanda nyumba ana ali pikiti-pikiti kuthamangitsa cimpombwa, mpira uja wa mapepala a pulasitiki omangidwa ndi zingwe, magoli ace ali miyala iwiri. Ndipo masiku ano pakati pa anyamatawo simulephera kupezapo atsikana, amene onse dzina la Barbra Banda alidziwa.

Barbra uyu ndiye kaputeni amene anatsogolera timu ya dziko lino ya akazi, Copper Queens, ku masewera a Olympics kawiri ndi ku World Cup kamodzi. Anabadwira mu Lusaka pa 20 Malichi 2000. Sanakulire mu Chibolya, koma ku Mtendere, komboni ya kum'mawa kwa mzindawu pafupi ndi Kalingalinga. Koma amene akhalapo m'makomboni adziwa kuti fumbi la mwezi wa Okutobala ndi matope a mwezi wa Febuluwale n'zimodzi-modzi ku Mtendere, ku George, ku Chawama ndi ku Chibolya.

Anayamba mpira ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, akusewera ndi anyamata, pakuti matimu a atsikana anali osowa. Atate ace anali okonda mpira ndipo ndiwo anamulimbitsa mtima. Amai ace sanakondwere nazo. Iye mwini wakhala akusimba kuti anali kuponya nsapato za mpira pa windo, naturukira pa khomo cimanja-manja monga mwana wongopita kukaceza, kenaka nakatola nsapato zace kuseri kwa nyumba. Tisafulumire kuwaseka amai amenewa. Pa nthawiyo panalibe mkazi wa mu Zambia ngakhale mmodzi amene mpira unamufikitsa ku Ulaya kukalandira malipiro, ndipo kholo lililonse loona mwana wace wamkazi ali mbuu ndi fumbi pakati pa anyamata, mbale zili zosatsuka, likadaganiza cimodzi-modzi.

Cimene cinamucotsa pa cimpombwa ndi kagulu kophunzitsa ana masewera m'komboni ya Bauleni, kochedwa Bauleni United Sports Academy. M'mera mpoyamba. M'caka ca 2014, ali ndi zaka 14 cabe, anali kale m'timu ya atsikana osapitirira zaka 17 imene inapita ku World Cup ya msinkhu wao ku Costa Rica. Apa mpofunika kuima pang'ono, cifukwa mabwalo otere, pamene mwana angaonedwe ndi mphunzitsi, akuceperacepera mu Lusaka. Malo ambiri amene ana anali kusewererapo anadulidwa mapuloti. Mu Chibolya, mmene nyumba zili zothithikana, bvuto limeneli ndi lalikulu koposa. Komabe luso lilimo. Gulu la Circus Zambia, limene anthu ace amacita zodabwitsa zodumpha ndi kupinda matupi mpaka kuitanidwa kunja, linayambitsidwa ndi anyamata okulira mu Chibolya momwemo.

NKHONYA KAPENA MPIRA

Ambiri sadziwa kuti Barbra anali wankhonya. Anakopeka ndi Catherine Phiri, mkazi wa mu Lusaka amene mu Januwale 2016 anakalanda lamba wa dziko lonse wa WBC ku Mexico m'manja mwa Yazmin Rivas. Barbra anamenya nkhonya zolipidwa kasanu ndipo kasanu konse anapambana. Koma mapanga awiri abvumbwitsa. Anasankha mpira, nasewerera timu ya asilikali ya Green Buffaloes. Oonerera bwino amati nkhonya sizinamucoke m'thupi, pakuti wochinga kumbuyo akamugunda phewa, kawiri-kawiri wogwa ndi wochingayo.

Mu Okutobala 2018 timu ya EDF Logroño ya ku Spain inamutenga, ndipo anakhala mkazi woyamba wa mu Zambia kusewera mpira wolipidwa ku Ulaya. Kumayambiriro kwa 2020 anapita ku Shanghai Shengli ya ku China, kumene m'caka cace coyamba anamwetsa zigoli 18 m'masewera 13, kuposa wina aliyense m'ligi ya dzikolo.

Koma dziko lonse linamudziwira ku Japan. Mu Malichi 2020 Copper Queens inagonja 3-2 ku Cameroon, nibwera kudzapambana 2-1 pa bwalo la Nkoloma mu Lusaka, ndipo mwa lamulo la zigoli za kwa eni inatenga malo opita ku Olympics ya Tokyo. Matenda a korona anacedwetsa masewerawo kufikira 2021. Pa 21 Julayi caka cimeneco atsikana athu anakumana ndi Netherlands, timu imene inali itafika m'ndime yotsiriza ya World Cup zaka ziwiri m'mbuyomo. Anatikwapula 10-3. Kunena zoona, kugonja kotere kumacititsa manyazi, ndipo ena anazimitsa mawailesi ao. Koma zigoli zitatu zonse za Zambia anamwetsa ndi Barbra. Patapita masiku atatu, pokumana ndi China, anamwetsanso zitatu, masewera natha 4-4. Panalibe mkazi wina m'mbiri ya Olympics amene anacitapo zimenezi kawiri motsatizana. Timu inaturuka itagonjanso 1-0 kwa Brazil, koma mtsikana wa zaka 21 wa ku Mtendere anabwera kwao dzina lace lili pa milomo ya anthu a maiko akutali.

CAKA COWAWA

Tsono m'caka ca 2022, timu ikukonzekera mpikisano wa akazi wa mu Africa ku Morocco, kunamveka mbiri yakuti kaputeni sadzasewera. Sanali wodwala, sanali wolakwa. Nkhani inali ya kupima magazi. M'thupi la munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, muli timadzi tochedwa testosterone. Mwa amuna timacuruka, mwa akazi timacepa, koma alipo akazi ena amene mwa cibadwa cao ali nato tocurukirapo. Bungwe la mpira la dziko lino, FAZ, linanena kuti Barbra sanakwanitse zofunika za bungwe la mu Africa, CAF. A CAF naonso anati iwo sanamuletse, koma kuti a FAZ ndiwo sanalembe dzina lace. Akulu-akulu analozana zala, mwana wa eni ali khale pa mpando wa oonerera.

Taganizirani inu amai ndi atate a kumudzi. Mwana amene munabala, nimumulera monga mtsikana, wakula, wasenza mbendera ya dziko, ndiye anthu amene sanamuonepo ayamba kukambirana za thupi lace m'manyuzipepala ndi pa mawailesi a dziko lonse. Ambiri mwa ife tikadaponya nsapato m'dzala. Ife tiona kuti mabungwe awiriwa sanaigwire bwino nkhaniyi, pakuti zotere n'zoyenera kukambidwa m'nyumba, mwaulemu, nthawi ikalipo, osati mpikisano utafika pa khomo. Barbra anakhala ndi anzace ku Morocco akuwalimbikitsa, ndipo timu ya mphunzitsi Bruce Mwape inagonjetsa Nigeria 1-0 nitenga malo acitatu, itapezanso mwai wopita ku World Cup kwa nthawi yoyamba.

Yankho lace analipereka ndi miyendo. Mu Seputembala caka comweco, pa mpikisano wa COSAFA ku South Africa, anamwetsa zigoli 10, kuphatikizapo cimodzi cimene cinagonjetsa eni bwalo m'ndime yotsiriza. Zambia inatenga cikhoco koyamba. Bungwe la FIFA linamulola kusewera World Cup ya 2023, ndipo pokonzekera mpikisanowo anamwetsa ziwiri pamene Copper Queens inadabwitsa Germany 3-2 kwao komwe. Ku New Zealand zinthu zinabvuta: Japan inatipatsa 5-0, Spain nayonso 5-0. Koma pa 31 Julayi mu mzinda wa Hamilton tinagonjetsa Costa Rica 3-1. Lushomo Mweemba anatsegula, Racheal Kundananji anatseka, ndipo capakati, ca penate, cinali ca Barbra. Cigoli cimeneco cinali ca nambala 1,000 kuyambira pamene World Cup ya akazi inayamba m'caka ca 1991.

Mu Malichi 2024 timu ya Orlando Pride ya ku America inamugula pa mtengo wa madola 740,000, ndiko kuti ndalama zopitirira K17 miliyoni pa nthawiyo. Owerenga athu adziwe kuti ndalama zotere sizilowa m'thumba la wosewera; zimapita ku timu imene akucokako, iye nalandira malipiro ace padera. Pa nthawiyo mkazi mmodzi yekha pa dziko lonse ndiye anali atagulidwa ndi ndalama zoposa pamenepa, ndipo ameneyo anali Racheal Kundananji, amene anapita ku Bay FC mwezi wa Febuluwale caka comweco. Mu Malichi 2024 akazi awiri okwera mtengo koposa m'mpira anali onse a mu Zambia! M'ligi yomweyo munalinso Temwa Chawinga wa ku Malawi, amene caka cimeneco anatsogola ndi zigoli 20, Barbra ali ndi 13. Anthu a ku Orlando ndi ku Kansas City anacita kuphunzira kuchula maina a Banda ndi Chawinga.

Caka ca 2024 cinali cace. Ku Olympics ya Paris, pa 28 Julayi mu mzinda wa Nice, anamwetsanso zitatu pokumana ndi Australia, kukhala kacitatu kucita zimenezi pa Olympics. Koma masewerawo ndi owawa kuwakumbukira, cifukwa tinali kutsogola 5-2 ndipo tinagonja 6-5. Apa mpamene paonekera cilema ca timu yathu: kutsogolo kuli mikondo, kumbuyo mpanda uli ndi zibowo, ndipo munthu mmodzi sangamwetse zigoli kutsogolo nabwereranso kudzachinga. Pa 23 Novembala anamwetsa cigoli cokhaco cimene cinapatsa Orlando Pride cikho ca America pogonjetsa Washington Spirit. Patangopita masiku ocepa wailesi ya BBC inamusankha, mwa mavoti a omvera, kukhala mkazi wosewera bwino koposa m'cakaco. Pomwepo nkhani ija ya 2022 inaukanso, anthu ena a kunja namunyoza kwambiri pa intaneti. Mu Disembala, mu mzinda wa Marrakech, CAF inamupatsa mphotho ya mkazi wopambana onse mu Africa, m'dziko lomwe lija la Morocco kumene anakhala pa mpando wa oonerera.

Mu Julayi 2025 anabwerera ku Morocco, tsopano atabvala yunifomu, timu ili m'manja mwa mphunzitsi Nora Häuptle wa ku Switzerland. Anamwetsa cigoli pa masewera otsegulira amene anatha 2-2 ndi eni dziko, koma Nigeria inabweza ngongole ya 2022 potithira 5-0 m'ndime ya matimu asanu ndi atatu.

Masewera amasiyana pa zaka zimene amapatsa munthu. Ku Norway, dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya, kuli masewera ochedwa curling, amene anthu anai pa timu amatsetsereza miyala yosalala yolemera pafupifupi makilogalamu 20 pa madzi oundana, kulinga pa cizindikiro cozungulira, ena akusesa patsogolo pa mwalawo ndi masace kuti uyende bwino. Munthu wina wochuka pa masewerawa, Thomas Ulsrud, anatsogolera timu yace ku mendulo ya siliva pa Olympics ya Vancouver mu 2010, natenga cikho ca dziko lonse mu 2014 ali ndi zaka 42. Kumeneko cofunika ndi diso ndi kudekha kwa dzanja, ndipo zimenezi sizikalamba msanga. Mpira wa miyendo sutero. Wosewera kutsogolo amadya ndi liwiro, ndipo liwiro lili m'minofu ya m'nchafu imene ingaduke tsiku lililonse.

Mu Ogasiti 2025, Orlando Pride ikusewera ndi Kansas City Current, Barbra anavulala pa nchafu, mnofu unacoka pa fupa, ndipo madokotala analamula kuti asasewerenso kufikira caka cimeneco citatha. Anali ndi zaka 25, zaka khumi ndi cimodzi cicokere ulendo wace woyamba wa ku Costa Rica.