Nsomba Zolera Ana M'kamwa

Ambiri a ife timaganiza kuti nsomba zonse zimaikira mazira m'madzi ndi kuwasiya. Koma si zonse zimatero.

Kumaiko akunja anthu amaŵeta tinsomba tokongola m'mabokosi agalasi m'nyumba zawo. Kena mwa ito ndi kotchedwa guppy, kochokera ku South America. Kakakazi kamatenga bere monga mbuzi. Mimba imatukuka, banga lakuda lapamimba limakula, ndipo pakapita masabata 3 kapena 4 kamaswa ana amoyo, odziŵa kale kusambira. Koma manthu akamva njala amadya ana ake omwe, choncho woŵeta amafulumira kuwapatula.

Nsomba za m'nyanja yathu zili ndi njira ina. Mbuna, zimene Stuart Grant anayamba kutumiza kunja kuchokera ku Senga Bay m'zaka za m'ma 1970, sizitenga bere. Chambonso chimodzimodzi. Chambo chachimuna chimakumba chisa chozungulira pamchenga, chachikazi nkuikiramo mazira ndi kuwatola ndi pakamwa. Kwa masabata angapo chimawafungatira m'kamwamo osadya kanthu. Ana akaswa chimapita nawo kumadzi osaya, ndipo mdani akayandikira amathaŵiranso m'kamwa mwa amawo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Khoka likakokolola chambo chimodzi chotere, timaŵerenga nsomba imodzi, pamene taononga ana mazanamazana. Amene apulumuka nkukula kufika pa kasawala amatheranso m'masikito a udzudzu amene ena asandutsa makoka. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu.

Makolo athu a ku Salima anaona zimenezi kalekale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pachilumba cha Mbenji nyengo ya dzinja, ndipo asodzi amachokako kufikira mfumu itatsegulanso. Boma nalo limaletsa makoka m'miyezi imene chambo chimaswana.

Inu amayi, pamsika musagule kasawala, ngakhale mtengo utsike bwanji. Inu abambo, masikito akhale pa mphasa za ana. Ndipo inu anyamata akunyanja, mukapeza chambo chamoyo chili ndi mazira m'kamwa, chibwezereni m'madzi. Ndiwo za adzukulu anu zili m'kamwa mwakemo.