Gasi wa AC satha ngati dizilo

Mwezi wa Okutobala ukafika m'chigwa cha Shire, ku Tete kapena m'chigwa cha Luangwa, dzuwa limaswa mtengo ndipo masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Iyi ndiyo nyengo imene alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi madalaivala a mabungwe amakhala pamsewu tsiku lonse, kugawa mbewu ndi kukonzekera dzinja. Ndiyonso nyengo imene m'magalaja mumadzaza magalimoto okhala ndi dandaulo limodzi: AC yasiya kuziziritsa. Mankhwala ake amatchulidwa makaniko asanatsegule n'komwe boneti, akuti gasi watha, pafunika kuthira wina. Mwini galimoto amalipira, napita kwawo akumva kuzizira bwino. Pakangotha milungu ingapo, mpweya wotentha uja umabwerera, ndalama zija zitapita.

Kwa gulu la alimi limene linasonkherana kugula kagalimoto konyamulira zokolola, kapena bungwe laling'ono limene limawerengera tambala iliyonse, kulipira kawiri kapena katatu pa vuto limodzi si nkhani yochepa. Chimene chimasocheretsa ambiri ndi mawu akuti gasi watha. Gasi wa AC sapsa ngati dizilo kapena petulo. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo ngati wachepa kwambiri m'nthawi yochepa, ndiye kuti pali pamene akutulukira.

Kagwiridwe ka makinawa n'kofanana ndi ka firiji. Kompuresa, imene imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, imapanikiza gasi mpaka atatentha kwambiri. Gasi wotenthayo amapita ku kondensa, chipangizo chooneka ngati redieta chimene chimakhala kutsogolo kwenikweni kwa galimoto. Kumeneko mphepo imamuziziritsa ndipo amasanduka madzimadzi. Kenako amadutsa m'kabotolo kosefa kamene kamayamwa chinyezi, n'kukafika pa kavavu kokhala ndi kabowo kakang'ono zedi. Akangodutsa pamenepo mphamvu yomupanikiza ija imagwa, ndipo amayamba kuwira m'timapaipi tobisika kuseri kwa dashibodi. Gasi wa mtundu wa R-134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro akakhala pa mpweya wamba, choncho powirapo amayamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikuuzira m'galimoto. Madzi amene amadontha pansi pa galimoto AC ikamagwira ntchito si chizindikiro cha vuto ayi. Ndi chinyezi cha mumpweya chimene chasanduka mame pa timapaipi tozizirato.

Misewu ya kumidzi ndiyo imafulumizitsa kuwonongeka kwa zipangizozi. Miyala youluka imaboola kondensa. Mabampu amagwedeza mapaipi mpaka timphira ta m'malo olumikizira titakhwepa. Fumbi, udzu ndi mankhusu zimatseka timipata ta kondensa kotero kuti gasi sazizira mokwanira, ndipo pamenepo AC imafooka ngakhale gasi ali wokwanira bwino lomwe. Nthawi zambiri kutsuka kondensa ndi madzi opanda mphamvu yambiri, kusintha sefa ya mpweya wolowa m'galimoto, kapena kumanga lamba wokhwepa kumathetsa vuto limene munthu akanalipirira gasi.

Makaniko wodziwa ntchito yake sayamba ndi kuthira. Amayamba walumikiza mageji awiri, ina kumbali ya mphamvu yochepa, ina kumbali ya mphamvu yaikulu, n'kuona zimene akuwerenga. Gasi amene watsala amamukokera m'botolo lake m'malo momutayira mumlengalenga. Pofufuza pamene pabooka amagwiritsa ntchito mpweya wa nayitirojeni ndi thovu la sopo, kapena utoto wapadera umene umawala akauunika ndi nyali yake. Malo amene pali mafuta osakanikirana ndi fumbi pa paipi nthawi zambiri ndi pomwepo, chifukwa mafuta a kompuresa amayenda limodzi ndi gasi. Akakonza, amalumikiza pampu yokoka mpweya kwa mphindi pafupifupi 30 kuti mpweya wamba ndi chinyezi zituluke. Gawo limeneli ndi limene anthu ofulumira amalidumpha, koma ndi lofunika koposa. Chinyezi chikatsalira chimaundana pa kabowo ka vavu n'kutseka njira, komanso chikasakanikirana ndi mafuta chimapanga asidi amene amadya zitsulo cham'kati.

Pomaliza ndi pamene gasi amathiridwa, ndipo amathiridwa poyeza pasikelo. Pansi pa boneti pamakhala kachikwangwani kosonyeza mtundu wa gasi ndi kulemera kwake. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna magalamu apakati pa 400 ndi 800. Kuthira mongoyerekeza, mpaka paipi itazizira m'manja, n'kutchova juga. Gasi akachepa, mafuta sabwerera mokwanira ku kompuresa ndipo imatha msanga. Akachuluka, mphamvu imakwera mopitirira muyeso, kuzizira kumachepa, ndipo kompuresa yomweyo ndi imene imavutika. Pa zipangizo zonse za AC, imeneyi ndiyo yokwera mtengo.

Pali zinthu zina zimene zimaika moyo pachiswe. Kuyesa mapaipi ndi okosijeni wa owotcherera zitsulo n'koopsa, pakuti okosijeni akakumana ndi mafuta pa mphamvu yaikulu amaphulika. Kuthira gasi wophikira m'malo mwa gasi woyenera kumaziziritsa ndithu, n'chifukwa chake ena amakopeka nako, koma gasi ameneyo amayaka, ndipo timapaipi tina timakhala m'kati mwenimweni mwa galimoto, pafupi ndi mawondo a dalaivala. Gasi wamadzimadzi akathovukira m'maso amaumitsa mnofu nthawi yomweyo. Palinso gasi wachinyengo. M'chaka cha 2011 makontena oziziritsa katundu anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, anthu atatu n'kumwalira, ndipo kunapezeka kuti m'makinawo munathiridwa gasi wachinyengo wosakaniza ndi methyl chloride, amene amadya aluminiyamu. Botolo lotchipa modabwitsa, losadziwika kumene lachokera, n'loyenera kulikayikira.

Nkhani ya gasi ameneyu ili ndi mbiri yaitali yopitirira mpanda wa galaja. Magalimoto akale ankagwiritsa ntchito R-12, wa m'gulu la CFC. M'chaka cha 1974 akatswiri a sayansi Mario Molina ndi Sherwood Rowland anachenjeza kuti mipweya ya m'gululi ikakwera kumwamba imawononga ozoni, chophimba chimene chimatchinga cheza choopsa cha dzuwa, choyambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala komanso chowononga zomera. Mu 1985 ofufuza a ku Britain analengeza kuti ozoni wapyapyala kwambiri pamwamba pa Antarctica, ndipo mu 1987 mayiko anasainirana Pangano la Montreal. Opanga magalimoto anasinthira ku R-134a chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene mayiko amene akutukuka kumene anapatsidwa mpaka pa 1 Januwale 2010 kuti asiyiretu ma CFC. Lipoti la bungwe la United Nations limene linatuluka mu 2023 linasonyeza kuti ozoni akuchira, ndipo m'madera ambiri adzabwerera mmene analili mu 1980 pofika cha m'ma 2040.

Koma R-134a, ngakhale sawononga ozoni, anabwera ndi vuto lake. Kilogalamu imodzi ya gasi ameneyu imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 1,430 a carbon dioxide. Ndiye kuti magalamu 600 otayidwa mumlengalenga pa galimoto imodzi akufanana ndi makilogalamu opitirira 850. Mlimi amene waona mvula ikusinthasintha ndi chilala chikubwerezabwereza sangaione nkhaniyi ngati ya anthu a m'tauni okha. N'chifukwa chake mu Okutobala 2016 mayiko anakumana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, n'kugwirizana zochepetsa mipweya ya mtunduwu. Mgwirizanowo unayamba kugwira ntchito mu 2019, ndipo gulu la mayiko limene muli mayiko ambiri a mu Africa linalonjeza kuchepetsa ndi 10 peresenti pofika 2029 ndi 80 peresenti pofika 2045.

Kusinthaku kwafika kale m'magalaja a m'chigawo chino, kudzera m'magalimoto akaunjika olowera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Ku Ulaya, kuyambira mu 2017 magalimoto atsopano saloledwa kugwiritsa ntchito R-134a, ndipo ambiri ali ndi R-1234yf, amene satenthetsa dziko kwenikweni koma ndi wodula ndipo amatha kuyaka pang'ono. Mitundu itatuyi siyenera kusakanizidwa, n'chifukwa chake timilomo tothirira gasi tinapangidwa mosiyana dala. Mafuta akenso ndi osiyana. Magalimoto a hybrid okhala ndi kompuresa yoyendera magetsi, monga Toyota Prius ndi Aqua, amafuna mafuta apadera osadutsa magetsi, ndipo kuthiramo mafuta wamba kungawononge kompuresa yatsopano.

Amene amayang'anira galimoto ya gulu safunika kukhala makaniko kuti ateteze thumba la anzake. N'kokwanira kufunsa kuti pabooka pati, kuona ndi maso chipangizo chimene chasinthidwa, kuonetsetsa kuti pampu yokoka mpweya yagwiritsidwa ntchito, ndi kulemba m'buku la galimoto tsiku, mtundu wa gasi ndi magalamu amene athiridwa. Galimoto ikakhalitsa padzuwa, kutsegula mawindo kwa mphindi zoyambirira kumapeputsa ntchito ya makinawa ndi kupulumutsa mafuta. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, kuyatsa AC kwa mphindi 10 mlungu uliwonse kumathandiza kuti timphira tisaume. Ndipo m'dzinja, galasi lakutsogolo likachita nthunzi mvula ili mkati, AC yogwira bwino ndi imene imaliyeretsa msanga, chifukwa mpweya umene imatulutsa ndi wouma.