Kompyuta imajambula nyumba, koma sidziwa kuti denga limauluka

Tiyeni tiyambe ndi kasamu kakang'ono. Amalume anu akufuna kumanga nyumba ya zipinda zitatu zondondozana, chilichonse cha mamita 3 m'lifupi. Akufunsa inu, poti ndinu wa Fomu 3 pakhomopo, kuti nyumbayo italika bwanji. Ambiri mwayankha kale mumtima kuti mamita 9. Yankho limeneli ndi lolakwa, ndipo kulakwa kwake kumadzaonekera tsiku lokumba maziko, chingwe cha mmisiri chitalowa m'puloti ya aneba.

Chomwe chaiwalika n'chakuti khoma lili ndi thupi. Khoma lakunja la njerwa nthawi zambiri limakhala la mamilimita 230, pomwe lam'kati logawa zipinda limakhala la 115. Makoma awiri akunja atenga 460, awiri am'kati atenga 230, ndiye kuti nyumba ya amalume ndi ya mamilimita 9,690. Masentimita 69 owonjezerawo akapanda kuwerengeredwa, kaya alowa kwa aneba, kaya adyedwa m'zipindamo mpaka bedi kukana kukwana.

Zolakwa zamtunduwu ndi zimene mapulogalamu a pakompyuta ojambulira nyumba amazigwira msanga. Amene mumaphunzira Technical Drawing mukudziwa mmene ntchitoyi imayendera pa bolodi: pensulo yosongoka, T-square, labala, ndi kuleza mtima. Mwini nyumba akasintha maganizo kuti khomo liyang'ane kumsewu, umafufuta mpaka pepala kutha mphamvu. Mu 1963 Ivan Sutherland, ali wophunzira pa MIT ku America, anapanga pulogalamu yotchedwa Sketchpad, yomwe inkalola munthu kujambula mizere pa sikirini ndi cholembera cha kuwala. Mu 1982 kampani ya Autodesk inatulutsa AutoCAD, yomwe inkayenda pa makompyuta ang'onoang'ono a mu ofesi, ndipo pang'onopang'ono mabolodi aja anayamba kupachikidwa.

Chinsinsi cha mapulogalamu amenewa mumachidziwa kale kuchokera ku masamu a ma graph. Kompyuta imasunga manambala, osati chithunzi. Mzere kwa iyo ndi mfundo ziwiri, iliyonse ndi x ndi y yake. Khoma ndi poyambira, pothera, kunenepa kwake ndi kutalika kwake kupita m'mwamba. N'chifukwa chake mukakoka khoma limodzi ndi mausi, kukula kwa chipinda kumasintha pompopompo, ndipo chithunzi cha 3D chomwe anthu amachigomera chija chimangotuluka m'manambala omwewo. Chinanso: pa kompyuta timajambula nyumba pa kukula kwake kwenikweni. Khoma la mamita 6 mumalemba 6000. Nkhani ya sikelo imabwera pamapeto, populinta.

Muyambe ndi pulogalamu iti?

M'maofesi a akatswiri mumapezeka AutoCAD, Revit ndi ArchiCAD. Ndi amphamvu, koma ndi odula ndipo amafuna kompyuta yamphamvunso. SketchUp, yomwe inatuluka mu 2000, kenako n'kugulidwa ndi Google mu 2006 ndi Trimble mu 2012, ndi yosavuta kuphunzira, koma mtundu wake waulere umayenda pa intaneti, ndiye bandulo imatha muli pakati pa khitchini.

Kwa wophunzira wa sekondale kuno kwathu, ine ndimati Sweet Home 3D. Anaipanga ndi Emmanuel Puybaret wa ku France, ndi yaulere, ndipo mukaiika pa kompyuta kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti. Pamwamba pa sikirini mumajambula pulani, pansi pake nyumba n'kumaimirira muli kuona. Malire ake alipo ndithu. Ndi yabwino pokonza kakhalidwe ka zipinda, koma mapepala onse omangira nyumba singakupatseni. Mukafuna kuzolowera kujambula kwa mizere yeniyeni ngati kwa AutoCAD, pali LibreCAD, nayonso yaulere. Za pafoni ziliponso zambiri, zosewerera n'zabwino, koma chala si chida choyezera mamilimita.

Musanajambule kanthu, lowani mu Preferences musinthe muyezo ukhale wa mamilimita kapena masentimita. Mavidiyo ambiri ophunzitsa pa YouTube ndi a ku America, komwe amayeza m'mainchesi ndi mafiti, ndipo makoma a nyumba zawo zambiri ndi a matabwa. Mukawatsatira mwachimbulimbuli mutulutsa nyumba yomwe mmisiri wa ku Ndirande kapena ku Kawale aiyang'ana n'kukupatsani pepala lanu.

Ndipo musayambe ndi nyumba ya maloto anu ya zipinda 12 ija. Bwerekani tepi, yezani chipinda chomwe mumagona kapena kalasi yanu, lembani m'kope, ndiye mulowetse mu kompyuta. Mukatero yezaninso kuchoka pangodya ina kufika pangodya yopingasa nayo, muyerekeze ndi zomwe pulogalamu ikunena. Zikasiyana, ndiye kuti mwina tepi yanu inakhota, mwina chipindacho si sikweya. Amisiri akamayala maziko amayeza 3 mbali ina, 4 mbali inayo, n'kuonetsetsa kuti chopingasa chakwana 5. Ameneyo ndi Pythagoras wa m'kalasi uja, wangovala ovolosi. Kumbukiraninso kusunga ntchito yanu pafupipafupi, magetsi sachenjeza akamathima.

Pepala lomwe ambiri amalitcha pulani ndi limodzi chabe mwa angapo. Yerekezani kuti mwadula nyumba ndi mpeni waukulu chopingasa, pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, mwachotsa chapamwamba n'kusuzumira: imeneyo ndiye floor plan. Elevation ndi mmene nyumba ikuonekera mutaima panja, mbali iliyonse. Site plan imaonetsa pomwe nyumba yakhala m'puloti, msewu, malire ndi dzenje la chimbudzi. Ndiye pali section, yomwe mumadula nyumba kuchoka padenga mpaka m'maziko ngati mukudula buledi. Ongoyamba kumene amaithawa section chifukwa siyokongola. Komatu fizikisi yonse ya nyumba ili mmenemo.

Zomwe mausi salemedwa nazo

Pa kompyuta mungathe kufufuta khoma ndi batani limodzi, silabu ya konkire ili pamwamba pake n'kukhalabe lende osagwa. Pulogalamu ngati Sweet Home 3D kapena SketchUp siikuchenjezani, chifukwa kwa iyo silabu ndi manambala basi. Tiyeni tiiyeze ife. Kiyubiki mita imodzi ya konkire imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Silabu ya mamita 4 uku ndi 4 uku, yonenepa masentimita 15, ndi makiyubiki mita 2.4, kutanthauza makilogalamu 5,760. Amenewo ndi matumba 115 a chimanga a makilogalamu 50 ali pamutu pa munthu amene wagona pansipo. Katundu ameneyu ayenera kupeza njira yotsikira: kuchoka pa silabu kupita pa bimu, pa bimu kupita pa khoma kapena chipilala, kenako m'maziko mpaka m'nthaka. Mukachotsa chimodzi panjirapo, katunduyo apeza njira yake yachidule.

Tengani labala wofufutira, mumugwire mbali zonse ziwiri, mnzanu adinikize pakati. Muona kuti pamwamba pakufinyika pomwe pansi pakukokeka, mwinanso kuyamba timing'alu. Bimu ya pamwamba pa zenera kapena khomo imachita chimodzimodzi. Konkire imapirira kufinyidwa, koma ikamakokedwa mphamvu zake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 okha. N'chifukwa chake zitsulo zikuluzikulu za bimu yotere zimaikidwa chakumunsi, komwe kuli tension. Zenera lalikulu la mamita 3 lomwe mwalikoka mosavuta pa sikirini likufuna bimu ina, yosiyana ndi ya kazenera ka mita imodzi. Bimu yozungulira nyumba yonse pamwamba pa makoma nayo ili ndi ntchito yake, imamanga makoma pamodzi ngati lamba. Dziko lathu lili m'chigwa cha Great Rift Valley, ndipo anthu a ku Karonga sanaiwale zivomezi za mu Disembala 2009.

Tsopano denga. Tinene kuti nyumba ndi ya mamita 6 m'lifupi, denga lake la mbali ziwiri lopendekeka madigiri 20, ndipo mukufuna malata atulukire kunja kwa khoma masentimita 60. Mukayang'ana kuchokera kumwamba, mbali imodzi ya denga ndi mamita 3.6. Malata kuno timagula m'mafiti, ndipo la mafiti 12 ndi mamita 3.66. Likwana, eti? Ayi. Lata siligona chafulati, limakwera phiri. Utali wake weniweni ndi 3.6 kugawa ndi cos 20°, zomwe zikutipatsa mamita 3.83. Lata lililonse laperewera masentimita 17, ndipo mwagula kale mtolo wonse, galimoto yabwerera. Pa floor plan vutoli silioneka n'komwe. Pa section limaonekera poyera.

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikamabwera timamva pa wailesi kuti mphepo yasasula madenga a sukulu, matchalitchi ndi nyumba za anthu. Ambiri amaganiza kuti ntchito ya makoma ndi kunyamula denga kuti lisagwe. Ndi zoona, koma pa denga la malata ntchito inanso yaikulu ndi kuligwira kuti lisauluke. Gwirani kapepala kansi kwa mlomo wanu, muuzire mpweya pamwamba pake, muona kakudzuka. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa denga lopendekeka pang'ono, pressure ya pamwambapo imatsika. Ikapezanso khomo kapena zenera lotsegula mbali yomwe ikuchokera, imadzaza m'nyumba n'kumakankha denga kuchokera pansi.

Kukula kwa mphamvuyi tingakuyerekeze ndi ½ρv². Mpweya umalemera pafupifupi makilogalamu 1.2 pa kiyubiki mita. Mphepo ya mkuntho yothamanga mamita 30 pa sekondi itipatsa ½ × 1.2 × 30 × 30, omwe ndi manyutoni 540 pa sikweya mita iliyonse. Pa denga la masikweya mita 60 ndi manyutoni 32,400, ngati kulemera kwa matani atatu ndi kanthu. Mphamvu yeniyeni yokweza denga imadalira kapendekedwe kake ndi komwe mphepo ikuchokera, koma ngakhale mutangotenga theka, yaposa tani imodzi ndi theka, pomwe malata a denga lotere safika n'komwe theka la tani. Onaninso v uja kuti ali ndi kachiwiri pamwamba: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Chomwe chimapulumutsa denga ndi waya kapena chitsulo chopyapyala chomangirira matabwa a denga ku bimu kapena m'kati mwa khoma, ndi misomali yokwanira, makamaka m'mphepete ndi m'ngodya. Mu chithunzi cha 3D zimenezi simuziona. Ziyenera kujambulidwa ndi kulembedwa pa section, apo ayi mmisiri achita mmene anazolowerera.

Pali chinthu chimodzi cha fizikisi chomwe mapulogalamuwa amachita bwino kwambiri, bola muwauze komwe muli: dzuwa. Mu Sweet Home 3D muli kampasi yomwe mumaiuza kumpoto ndi latitude ya malo anu, ndipo SketchUp imaonetsa mithunzi ya tsiku ndi ola lililonse. Mabuku ndi mavidiyo a ku Ulaya amati mazenera aakulu ayang'ane kumwera. Kwa iwo n'zoona, poti ali kumpoto kwa equator. Ife tili kumwera kwake, Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14. Mu Juni, nthawi yozizira, dzuwa la masana ku Lilongwe limakhala chakumpoto, pafupifupi madigiri 53 kuchoka pansi, ndiye zenera loyang'ana kumpoto limalowetsa kadzuwa kofunditsa. Mu Okutobala dzuwa la masana limakhala pafupifupi paliwombo, ndipo malata otulukira kunja aja amatchinga bwinobwino. Lovuta ndi dzuwa lamadzulo. Limabwera chopingasa kuchokera kumadzulo, palibe malata angalitchinge, ndipo chipinda chogona chokhala ndi zenera lalikulu mbali imeneyo chimasanduka uvuni mpaka pakati pa usiku. Ikani khonde, sitolo kapena bafa kumeneko. Yesani nokha: jambulani kanyumba kamodzi, mukatembenuze kanayi, muone mithunzi ya 4 koloko madzulo pa 15 Okutobala.

Nanga mukaphunzira zonsezi, mungayambe kugulitsa mapulani? Dekhani kaye. M'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pulani imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo munthu asanayambe kumanga, ndipo za silabu, zipilala ndi nyumba zosanja amawerengera ndi injiniya amene anaphunzira ntchitoyo. Chomwe inu mungachite panopa n'chachikulu kale: kuthandiza makolo kuona maganizo awo asanalipire katswiri, kuzindikira kuti chitseko cha bafa chikumenyana ndi cha kuchipinda, kuwerenga pulani yomwe yabwera n'kufunsa mafunso oyenera. Amene mtima wagwa pa ntchitoyi, ku MUBAS ku Blantyre, komwe kale kunkatchedwa Polytechnic, amaphunzitsa architecture, quantity surveying ndi civil engineering, ndipo masamu ndi fizikisi ndiwo makiyi a zitseko zimenezo.

Tsiku lopulinta, sankhani sikelo. Pa 1:100, sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi, ndiye nyumba ya amalume ija italika masentimita 9.69. Pa 1:50 italika kawiri, ndipo m'pamene manambala ndi zitseko zimaoneka bwino. Samalani ndi kabokosi kolembedwa Fit to page. Kakakhala kochongedwa, makina amachepetsa chojambulacho kuti chikwane pepala, sikelo n'kusokonekera osakuuzani. Pepala likatuluka, ikani lula pa khoma lomwe mukulidziwa utali wake musanachoke pamalopo. Ndipo lembani manambala pa khoma lililonse, pa khomo ndi pa zenera lililonse, kuti mmisiri aziwerenga nambala m'malo moyeza pepala lomwe lapindidwa m'thumba ndi kunyowa ndi mvula sabata zitatu.