Misala ndi Milandu Yakupha: Zinthu 8 Zomwe Ambiri Sazidziwa

Munthu akapha mnzake pa chifukwa chosamveka, kaya ndi kwa Kanduku, kwa Nthache kapena ku Thambani m'boma la Mwanza, mudzi suchedwa kugamula. Ena amati "ameneyu mutu wake sukoka", ena amati "akunamizira misala kuti athawe mlandu". Khoti lili ndi muyeso wakewake, ndipo ndi wothina kuposa momwe ambirife timaganizira.

1. Lamulo lake linachokera ku London. Mu 1843 Daniel M'Naghten anawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel, pokhulupirira kuti a chipani cholamula akumusaka kuti amuphe. Khoti litamupeza wosalakwa chifukwa cha misala, anthu anakwiya, Mfumukazi Victoria nayonso inadandaula, ndipo majaji anauzidwa kuti afotokoze bwino malire a chitetezo chimenechi. Mfundo zawozo zinabwera kuno ndi atsamunda mu Penal Code yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1930. Mpaka lero gawo 11 limati munthu aliyense ndi wabwinobwino m'mutu pokhapokha patapezeka umboni wotsutsa.

2. Kudwala misala pakokha sikupulumutsa munthu. Gawo 12 limafunsa za nthawi imene chikwanje chinakwezedwa: kodi matendawo anamulepheretsa kuzindikira chomwe akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita? Munthu akhoza kukhala womva mawu omwe ena sakuwamva, wolandira jakisoni mwezi ndi mwezi pa chipatala cha boma, koma ngati atapha anataya chikwanje m'chimbudzi n'kuwoloka malire kupita ku Zobue usiku womwewo, woimira boma adzafunsa kuti: ankathawa chiyani ngati sankadziwa kuti walakwa? Komanso pa nkhani iyi udindo umatembenuka. Pa milandu yambiri boma ndilo limasenza umboni, koma wonena kuti anali wamisala ndiye ayenera kukhutiritsa khoti.

3. Mafunso ndi awiri, ndipo abale amawasokoneza. Loyamba ndi la lero: kodi akutha kumva mlandu wake, kuyankha, ndi kukambirana ndi loya? Ngati sakutha, mlandu umayamba waima, iye n'kukalandira chithandizo. Lachiwiri ndi la tsiku la imfa ija. Munthu wobwebweta lero akhoza kukhala kuti anali bwinobwino popha, ndipo wolankhula zanzeru lero akhoza kukhala kuti tsikulo sankadzidziwa.

4. Dokotala amachitira umboni za tsiku lomwe sanalione. Khoti la majisitireti la pa Boma silingazenge mlandu wakupha. Ndi ntchito ya Khoti Lalikulu. Woganiziridwa amakhala pa limandi, ndipo kuti akaunikidwe ku chipatala cha anthu odwala misala ku Zomba pamafunika galimoto, mafuta ndi omuperekeza: kuchokera ku Mwanza ndi makilomita pafupifupi 100 kudzera pa Zalewa mpaka ku Blantyre, kenako ena oposa 60. Pomafika, papita miyezi, mwinanso zaka, ndipo ndende yokhayo yamusintha kale. Dziko lino linakhalapo zaka zambiri lili ndi dokotala mmodzi yekha wa ukatswiri wa matenda a m'mutu m'zipatala za boma, n'chifukwa chake malipoti ambiri amalembedwa ndi makiliniko ofesala ophunzira ntchitoyi. Ndiye wounikayo amadalira chiyani? Nthawi zambiri ndi kabuku ka kuchipatala kaja, kopindika m'makona, kosungidwa m'jumbo ya shuga padenga, komwe tsamba lina munalembedwa chlorpromazine ndi deti, kenako masamba opanda kanthu kusonyeza kuti mankhwala anasiya. Amadaliranso mayi amene anamumangapo ndi chingwe, anyakwawa omwe anaweruzapo nkhani yake yoyenda maliseche, ngakhale sing'anga yemwe abale anayamba kupitako. Koma ngakhale lipoti litalembedwa bwino chotani, ndi maganizo a katswiri chabe. Wogamula ndi jaji.

5. "Wosalakwa chifukwa cha misala" sapita kwawo. Khoti limalamula kuti akasungidwe ku chipatala, ndipo palibe tsiku lotulukira lolembedwa monga amachitira ndi mkaidi. M'Naghten mwiniwake anamwalira mu 1865 ali chitsekeredwe ku Broadmoor. Kwathu kuno chipatala cha misala chinayambira m'ndende: malo oyamba osungira odwala misala anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, oyang'anira ali asilikali a ndende, ndipo chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953. Amene amati misala ndi njira yachidule yothawira mlandu sanaganizepo bwino za komwe njirayo imathera.

6. Chigamulo chomwe chinasintha chilango cha imfa chinayambira pa chamba. Francis Kafantayeni anavomera kuti anapha mwana wazaka 2 wa mkazi wake, koma anati mutu unasokonezeka atasuta chamba. Gawo 13 limalola kuti kuledzera, ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, kukhale chitetezo ngati kwafikitsa munthu pa misala yeniyeni ngakhale ya kanthawi, koma khomo limeneli n'lopapatiza zedi, ndipo iye sanadutsepo. Anagamulidwa kuti anyongedwe, chifukwa nthawiyo jaji analibe chilango china chopereka kwa wopha munthu. Pa 27 Epulo 2007, pa mlandu womwe iye ndi anzake anasuma, Khoti Lalikulu linati chilango cha imfa chokakamiza choterechi n'chosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira 2015 akaidi oposa 150 anamvedwanso, bungwe la Malawi Human Rights Commission likutsogolera mothandizana ndi maloya ndi maparaligo omwe anayenda m'midzi kufunsa mbiri ya mkaidi aliyense. Kunatuluka nkhani za matenda a m'mutu ndi za nzeru zoperewera chibadwire zomwe palibe anazitchula pozenga koyamba. Oposa 100 anamasulidwa, ndipo panalibe yemwe anapatsidwanso chilango cha imfa. Apa mpomwe umboni wa akatswiri unagwira ntchito kwambiri m'mbiri yathu: osati pofafaniza mlandu, koma pochepetsa chilango.

7. Khunyu, pamaso pa lamulo, ikhoza kuwerengedwa ngati misala. Makhoti a ku England, omwe zigamulo zawo majaji athu amazionera, anatero pa mlandu wa Sullivan mu 1983: bambo amene anamenya mnzake akudwala khunyu anauzidwa kuti chitetezo chake ndi cha misala. Madokotala sagwirizana nazo kwenikweni, koma loya ndi dokotala sayeza ndi muyeso umodzi.

8. Kukhulupirira ufiti si misala. Mu Januwale 2016, ku Neno, komwe kale kunali mbali ya boma la Mwanza, anthu okalamba 4 anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wa m'banja lawo. Wopha "mfiti" sangathamangire ku gawo 12, chifukwa kwa madokotala chikhulupiriro chomwe mudzi wonse uli nacho sichizindikiro cha matenda, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limati kungotchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu kale. Chovuta n'chakuti wodwala weniweni wa kwathu kuno nayenso amayankhula za ufiti womwewo: amati azakhali ake akumukwera usiku, akumuyankhula m'mutu. Wounika ayenera kusiyanitsa awiriwa, ndipo funso lomwe limathandiza amalifunsa abale osati wodwalayo: kodi zimene ankanenazo inu munkazimva ngati nkhani ya ufiti yomwe mumaidziwa, kapena nanunso munayamba kumuopa iyeyo?