Opaleshoni ya chithokomiro pakati pa mliri

Amene anagayitsako amadziwa kuti m'chigayo sutulukamo mmene unalowera. Ngakhale wangosiya chitini pakhomo, umabwera nsidze zili mbuu. Ufa wokhuthala umagwera m'thumba, koma wosalala uja umayandama mumpweya n'kulowa m'mphuno mwa aliyense. Kachilombo ka Covid-19 kankayendanso motero m'chipinda cha opaleshoni, ndipo n'chifukwa chake kuchotsa chithokomiro kunasanduka ntchito yofunika mutu pamene Zimbabwe inatsekedwa pa 30 Malichi 2020.

Ku Bulawayo, odwala mliriwo ankawasunga paokha ku Thorngrove, pomwe maopaleshoni akuluakulu a anthu wamba amachitikira ku Mpilo ndi ku United Bulawayo Hospitals. Chaka chomwecho mipope ya mumzindawu inkauma mpaka masiku 6 pa sabata, kotero ngakhale kusamba m'manja kunali nkhani.

Chithokomiro chimakhala pakhosi, chitakumbatira njira ya mpweya. Kuti munthu achitidwe opaleshoni, amamugonetsa n'kumulowetsa chubu kukhosi choti azipumira. Ngozi yaikulu kwa ogwira ntchito ili pa mphindi ziwiri izi: polowetsa chubucho ndi pochitulutsa. Wodwala akamatsitsimuka amatsokomola, ndipo timadontho tosaoneka timamwazika ngati chigayo changoliza injini, nkhope ya dokotala wogonetsa ili pafupi penipeni ndi pakamwa pake.

Tsono pa nthawi ya mliriwo ogwira ntchito ankachita zomwe wachigayo wanzeru amachita. Anthu osafunika ankawatulutsa, m'chipinda n'kutsala atatu kapena awiri okha. Otsalawo ankavala masiki yothina ya N95, chotchinga kumaso ndi chovala cha thupi lonse. Chubu ankalowetsa katswiri wozolowera kuti achite kamodzi kokha, osabwerezabwereza. Akamaliza sankatsegula chitseko msanga. Ankadikira kuti mpweya wa m'chipindamo usinthike, fumbi lidekhe, kenako apukute paliponse wina asanalowe. Wodwala naye ankayezedwa kaye. Akapezeka ndi kachilombo koma matenda ake ndi oti angadikire, ankabwezedwa. Kafukufuku wa m'maiko ambiri wa 2021 anasonyeza kuti kudikira masabata 7 kumachepetsa imfa zobwera pambuyo pa opaleshoni.

Koma ine ndimaona kuti luso lenileni lili pa mzere. Pachigayo, mayi wogayitsa ufa wa pamaliro saima kumbuyo kwa amene nkhokwe yake ili tho. Zithokomiro zambiri zimakula pang'onopang'ono kwa zaka ndipo miyezi ingapo sizisintha kanthu. Chomwe chikutulutsa mphamvu yopitirira, munthu mtima uli thithithi, thukuta kamukamu, akuonda chonsecho akudya, nthawi zambiri chimagonja ndi mapiritsi a carbimazole. Ngakhale khansa yofala kwambiri ya chithokomiro imayenda mwaulesi. Amene sangadikire ndi uyu: chotupa chikumufinya mpaka akagona chagada amabanika, akupuma mokhala ngati mluzu, nsima ikukana kutsika, mawu asasa, kapena chotupa chalimba n'kumakula pa masabata ochepa. Ameneyo amapita kutsogolo, mliri kaya ukhalepo.

Apa fanizo lathu likuperewera. Ufa ukagayika umanyamula n'kumapita, koma munthu wochekedwa pakhosi sathamangitsidwa chifukwa choopa kuti angatenge matenda m'wodi. Magazi angathe kuundana mkati mwa bala n'kutseka mpweya, makamaka m'maola oyambirira, motero usiku woyamba amafunika namwino pafupi. Enanso amamva dzanzi m'milomo ndi m'zala chifukwa kashiamu watsika m'thupi, ndipo amafunika mankhwala msanga. Amene amuchotsa chithokomiro chonse amamwa thyroxine tsiku lililonse moyo wake wonse, choncho azituluka atatenga okwanira.

Inu a ku Makokoba, Njube kapena Luveve mu Bulawayo amene muli ndi mayi kapena agogo obisa khosi ndi mpango, musawasunge m'nyumba. Akayamba kubanika pogona kapena mawu kusintha, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, dokotala akaone yekha malo awo pamzere.