Kukonzekera kujambulidwa mitsempha ya magazi kumayambira kunyumba

Odwala ena a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Tete, mwinanso mpaka ku Beira kapena Maputo, kuti akajambulidwe mitsempha ya magazi. Pa Chipwitikizi kujambulaku amati angiografia. Madokotala amakufuna akakayikira kuti mtsempha watsekeka kapena wachepa, monga kwa munthu wa matenda a shuga amene bala lake la kuphazi silikupola. Ulendowo ndi wautali komanso wodula, ndipo wofika wosakonzeka akhoza kubwezedwa asanajambulidwe.

Kuti mitsempha ioneke pa chithunzi, achipatala amathira m'magazi mankhwala amadzi okhala ndi ayodini. Pa makina otchedwa TAC, mankhwalawa amabayidwa pamkono. Njira ina ndi yolowetsa kachubu kakang'ono mu mtsempha wa m'mphechepeche kapena wa pafupi ndi dzanja. Ambiri amamva kutentha m'thupi kwa kanthawi kochepa, ndipo zimenezi sizoopsa.

Mankhwalawa amachoka m'thupi kudzera mu impso. N'chifukwa chake wodwala amayamba wayezedwa magazi kuti aone ngati impso zake zikugwira bwino ntchito. Amene anatupapo, kutuluka zidzolo kapena kubanika atalandira mankhwala otere aneneretu. Wa mphumu ndi mayi amene akuganiza kuti ndi woyembekezera nawonso anene.

Wodwala atenge mankhwala onse amene akumwa, ali m'mapaketi ake. Ofunika kwambiri ndi metformina wa shuga komanso oletsa magazi kuundana, monga varfarina ndi aspirina. Dokotala ndiye amanena oti asiyidwe ndi tsiku loyambiranso, ndipo kusiya pawekha n'koopsa. Mankhwala azitsamba asabisidwe, chifukwa ena amavulaza impso. Amene amalandira chithandizo ku Dedza kapena ku Ntcheu, m'dziko la Malawi, atenge buku lawo la kuchipatala pamodzi ndi kalata yowatumiza.

Kawirikawiri wodwala amauzidwa kusadya kwa maola angapo asanajambulidwe. Wa shuga afunse momwe angachitire kuti shuga asatsike kwambiri. Ndi bwinonso kupita ndi womuperekeza.

Amene analowetsedwa kachubu m'mphechepeche amagona chagada maola angapo kuti pabala pasatuluke magazi. Kwa masiku angapo sayenera kulima, kusenza matumba a chimanga kapena mbatatesi, ngakhale kupalasa njinga. Choncho banja ligawane ntchito za kumunda ulendo usanayambe. Kumwa madzi ambiri, ngati dokotala sanaletse, kumathandiza impso kutulutsa mankhwalawo.

Pabala pakayamba kutuluka magazi, wina apsinjepo mwamphamvu n'kuthamangira naye kuchipatala. Kutupa kokulirakulira, mwendo kapena dzanja lozizira ndi kuchita dzanzi, komanso kuchepa kwa mkodzo, zimafunanso chipatala tsiku lomwelo.